Ndigule banjo iti ya nsambo 6 yoti ndikawaimbire bambo anga?

Azakhali,

Ndikulemba kalata ino nthawi itapitirira 1 koloko usiku, mayi a kunyumba ndi ana atagona, chifukwa masana sindingakhale pansi kulemba nkhaniyi popanda wina kundifunsa chimene ndikulemba. Ndikudziwa kuti anthu amakulemberani za maukwati amene akugwedezeka ndi za ana osamvera, ndipo mwina nkhani ya banjo muiona ngati yochepa, koma ndikukupemphani kuti muwerenge mpaka kumapeto, popeza yandisowetsa tulo kwa milungu isanu ndipo yayamba kulowa pakati pa ine ndi mkazi wanga.

Ndili ndi zaka 47, ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ku Limbe, ndipo ndakhala ndikuimba gitala m'kwaya ya mpingo wathu kwa zaka 22. Bambo anga ali kumudzi ku Thyolo, ali ndi zaka 79, ndipo m'mwezi wa March anadwala sitiroko imene inapha dzanja lawo lamanja ndi kulemeretsa lilime lawo. Nditapita kukawaona mu August ndinatenga gitala yanga, ndinakhala pa mphasa pafupi nawo ndi kuwaimbira nyimbo za m'buku zitatu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayankhula movutikira kuti, "Mwanawe, yakoyo ndi ya kutchalitchi, ine ndikufuna kumva banjo." Sananenenso china tsiku limenelo, ndipo mawu amenewa ndi amene andifikitsa pamene ndili pano.

Bambo ankaimba banjo imene anakonza okha pamene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi. Thunthu lake linali kampoto kakale kamene anakakunga ndi chikopa cha mbuzi, ndipo nsambo zake zinayi zinali mawaya a mabuleki a njinga. Ankaimba pa maukwati, pa tsiku la malipiro, ndiponso kumowa, ndipo nyimbo za Alan Namoko ndi Chimvu Jazz zikamveka pa wailesi ya MBC ankatiletsa kuyankhula, n'kumanyadira kuti woimba wosaona ameneyu ndi wakwathu ku Thyolo. Pa ukwati wanga mu 2003 anabwera ndi banjo yawoyo atakulunga m'chitenje, ndipo ine ndinawaletsa kuimba. Mawu amene ndinawauza, pamaso pa akuchikazi, sindiwalemba m'kalata muno. Ndinali wamng'ono, komiti inali italipira kale gulu loimba ndi kiyibodi, achibale a mkazi wanga anali anthu a m'tauni, ndipo aliyense amene anali m'malo mwanga akanada nkhawa monga ndinachitira ine. Koma bambo atabwerera kumudzi anapachika banjo ija kudenga ndipo sanaitsitsenso. Pamene tinkafolera nyumba yawo ndi malata patapita zaka, tinapeza chiswe chitadya khosi lake, ndipo amene anaitaya kudzala ndine.

Mungafunse chifukwa chimene ndikufunira ya nsambo 6 osati banjo imene anthu ambiri amaidziwa. Banjo ya nsambo zisanu imachunidwa mosiyana ndi gitala, ndipo ili ndi kansambo kafupi kamene kamayambira pakati pa khosi, kamene chala chachikulu chimayenera kukagunda mobwerezabwereza. Ya nsambo zinayi imene amaitcha tenor imachunidwa C, G, D, A, kotero kuti makodi onse amene ndimawadziwa, kutanthauza kagwiridwe ka nsambo zingapo pamodzi ndi zala, sagwira ntchito pamenepo. Ya nsambo 6 yokha ndiyo imachunidwa E, A, D, G, B, E monga gitala, ndipo munthu ngati ine akhoza kuinyamula lero n'kuimba lero lomwe. Ndinabwereka ya nsambo zisanu kwa mnzanga wa m'kwaya, imene anamusiyira mmishonale wina, ndipo ndinalimbana nayo milungu iwiri usiku uliwonse koma zala zanga zinkathamangira kumene zinazolowera. Ndikanakhala ndi chaka chathunthu ndikanaphunzira, koma sindikudziwa ngati bambo ali ndi chaka.

Mnzanga yemweyo ndiye anandipweteka mtima poyamba. Nditamuuza maganizo anga, mwachinsinsi monga munthu amene ndamudziwa zaka zambiri, iye anakayankhira pa malo ophunzirira nyimbo, amayi a m'kwaya ali pomwepo, kuti banjo ya nsambo 6 si banjo koma gitala imene yabisala m'ng'oma, ndipo ndi ya anthu aulesi. Munthu ameneyu ndakhala ndikumupatsa nsambo zanga zapadera zake zikaduka pakati pa mapemphero, ndipo sindinamuuzepo kuti abweze ngakhale imodzi. Chaka chatha ndinamunyamulira sipika kuchokera pa siteji mpaka kutchalitchi mvula ikugwa. Komanso zimene ananenazo si zoona, chifukwa Johnny St. Cyr wa ku New Orleans ankaimba banjo ya nsambo 6 m'gulu la Louis Armstrong lotchedwa Hot Five kuyambira mu 1925, ndipo palibe amene anamunena kuti ndi waulesi. Sindinamuyankhe pamaso pa anthu, koma kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni wa pakamwa.

Tsopano ndifike pa chimene chikundichititsa manyazi. M'masitolo amene ndinayendamo mu Blantyre ndi ku Limbe sindinaipeze banjo ya mtundu umenewu, choncho ndinapempha mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga amene amakhala ku Johannesburg, kuti andifunire yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndalama zonse pamodzi ndi zotumizira zinakwana K420,000, ndipo ndinalibe. Ndinapempha mkazi wanga kuti akongole ku banki m'khonde ya gulu lawo, m'dzina lake, ndipo ndinamuuza kuti ndi zothandizira bambo. M'mtima mwanga ndinkati sindikunama, popeza zinalidi za bambo, koma ndikudziwa chimene iye anamva, ndipo sindinamuwongolere.

Mlamu wangayo ndinamuuza zinthu zitatu zokha, ndipo ndinazilemba pa WhatsApp kuti asaiwale. Ndinati aonetsetse kuti m'kati mwa khosi muli chitsulo chowongolera chimene chimamangidwa ndi sipanala yaing'ono, ayang'ane khosilo kuchokera kumutu monga mmisiri amayang'anira thabwa kuti aone ngati ndi lowongoka, ndiponso apotokole zokungira nsambo zonse kuti aone ngati zikugwira. Iye anakumana ndi wogulitsayo madzulo akuweruka kuntchito, anandijambulira chithunzi chimodzi cha kutsogolo, n'kulipira. Kenako anaikulunga m'bulangete lokha, popanda bokosi, n'kuipereka pa basi imene inadutsa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza m'nyengo yotentha ija, ili pansi pa katundu wa anthu ena. Sindikudziwa ngati inawonongekera m'njira kapena inali yotero kale, ndipo mlamu wanga akuti ine ndi amene ndinamufulumizitsa, zimene mwina ndi zoona pang'ono.

Nditaitsegula ndinapeza khosi litapindika kotero kuti pakati pake cholembera chimadutsa pansi pa nsambo osazikhudza, ndipo chitsulo chowongolera chija mulibe. Mwa tingowe 24 timene timakunga chikopa chake chapulasitiki, titatu tinathyoka ndi dzimbiri, motero chikopacho chinakhwefuka mbali imodzi. Kamtengo kamene kamachirikiza nsambo pamwamba pa chikopa sikayenera kumatidwa, kamangogwiridwa ndi nsambo zokha kuti munthu azitha kukasuntha, ndipo malo ake ndi pamene mtunda wochokera kumutu kufika pa kachitsulo ka nambala 12, mwa tizitsulo topingasa pakhosi, ukufanana ndi wochokera pamenepo kufika pa iko. Ndinayeza ndi lula ya mwana wanga ndipo ndinapeza kuti wina anakamata ndi guluu pa malo olakwika, n'chifukwa chake makodi onse amalira mosokonekera ngakhale nditachuna bwino. Banjo imeneyi ili kuseri kwa kabati kuntchito kwanga, ndipo kunyumba sinafikeko. Ndinapempha mlamu wanga kuti asauze mlongo wake, ndipo tsopano akamandiimbira foni amayankhula ngati munthu amene ndili naye ngongole ina.

Usiku uno pa chakudya mkazi wanga wandifunsa kuti mankhwala a bambo ndinagula kuti, popeza amayi a gulu lawo ayamba kumukumbutsa za chiwongoladzanja. Ndamuyankha kuti tikambirana mawa. Iye sanayankhe kanthu, wangochotsa mbale, ndipo kukhala chete kwakeko kwandikumbutsa mmene bambo anakhalira chete pa ukwati paja atabwezera banjo yawo m'chitenje.

Ndakhala ndikufufuza mitengo, mwina kuposa mmene ndiyenera. Deering Goodtime Six, imene imapangidwa ku California, anthu amaiyamikira kwambiri, koma mtengo wake ndi madola oposa 500 isanakwere ndege, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yotere kwa ine ndi malipiro a miyezi ingapo. Gold Tone AC-6+ ndi yotsikirapo, ndi yopepuka, ndipo thunthu lake si lamatabwa, zimene zingathandize m'chinyezi cha ku Thyolo, komabe ndikawonjezera zotumizira ndi msonkho sindingaikwanitse popanda kugulitsa gitala yanga. Palinso Dean Backwoods 6, ndi zina zotchipa kwambiri za Harley Benton zimene amagulitsa a Thomann ku Germany, koma ndikuopa kugulanso chinthu chimene sindinachigwire ndi manja anga, popeza zotsika mtengo zimafuna munthu wodziwa kuzikonza zikangofika, kukunga chikopa mofanana ndi kutsitsa nsambo, ndipo zikafika zili ndi vuto sindingathe kuzibweza. Kodi munthu wa ndalama zochepa ayenera kudikira kuti agule yabwino kamodzi, kapena agule yotchipa imene ili ndi chitsulo m'khosi n'kuikonza yekha pang'onopang'ono?

Ndasokonezekanso pa nkhani ya mbale ya kumbuyo. Banjo yotsekedwa kumbuyo imalira mokweza koma ndi yolemera ndipo imakwera mtengo, pamene yotsegula kumbuyo ndi yopepuka ndipo mawu ake ndi ofatsa. Ine sindikukaimba pa bwalo, ndikukaimbira munthu mmodzi wogona m'chipinda chaching'ono, ndipo ndiyenera kuinyamula pa minibasi kuchokera ku Limbe kenako pa kabaza mpaka kumudzi, choncho mtima umandiuza kuti yotsegula ikukwanira. Koma banjo ya bambo inali yaphokoso, inkamveka kutsidya kwa dambo, ndipo ndikuopa kuti ndikawaimbira yofatsa adzanenanso kuti imeneyo ndi ya kutchalitchi. Ndaonanso pa yowonongeka ija kuti nsambo ziwiri zazikulu zimangolira ngati ng'oma yonyowa, ndipo ena amazichotsa n'kuikapo zopyapyala zochunidwa m'mwamba kuti kulira kwake kukhale kwakuthwa. Ngati ndiyenera kuchita zimenezo, kodi nsambo 6 ndikuzifuniranji?

Funso limeneli ndi limene likundisautsa koposa, ndipo ndalizengereza mpaka pano. Ku Ndirande kuli mmisiri wina amene anandiuza kuti akhoza kundikonzera banjo ya chitini ya nsambo zinayi m'masiku atatu, pa mtengo wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene ndinataya. Ndikhoza kuichuna D, G, B, E monga nsambo zinayi zazing'ono za gitala, ndipo zala zanga sizingasochere kwambiri. Ndinamuuza kuti ndiganiza kaye chifukwa amisiri otere amaika tizitsulo ta pakhosi mongoyerekeza ndi maso, ndipo makodi salira molondola. Chifukwa chimenechi ndi choona, koma si chokhacho. Ndikuopa kulowa m'chipinda cha bambo nditanyamula chinthu chofanana ndi chimene ndinawaletsa kuimba ndi kuwatayira kudzala, pakuti sindikudziwa chimene adzaone akachiona m'manja mwanga. Ndinkafuna kuwapititsira yonyezimira, yochokera kunja, kuti aone kuti ndalemekeza luso lawo ndi ndalama zanga, ngakhale kuti ndalamazo sizinali zanga. Mchemwali wanga amene amawasamalira akuti ine ndimakonda kukonza zinthu ndi ndalama m'malo mwa pakamwa, koma iye sanakhalepo m'tauni ndipo sadziwa mmene anthu amakuonera.

Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndigulitse gitala imene ndatumikira nayo mpingo zaka 22 kuti ndigule banjo yabwino ya nsambo 6, podziwa kuti ikhoza kutenga mwezi kapena kuposerapo kuti ifike? Kodi yowonongeka ija mmisiri wa matabwa angathe kuichotsa khosi n'kuikapo lina, kapena kumeneko ndi kutayanso ndalama? Kodi ndipite ndi ya chitini, ndipo ndikapita nayo ndiyambe ndi kuimba kapena ndiyambe ndi kunena za 2003, zimene sitinazitchulepo ine ndi bambo ngakhale kamodzi? Nanga mkazi wanga ndimuuze bwanji mawa kuti ngongole imene ili m'dzina lake inagula chinthu chimene chili kuseri kwa kabati, mchimwene wake asanandiyambire kumuuza? Mchemwali wanga waimba foni dzulo kunena kuti bambo ayamba kukana phala, ndipo ndamulonjeza kuti Loweruka la kumapeto kwa mwezi uno ndidzakhala nditafika kumudzi.

Ine wothedwa nzeru,
Chilomoni, Blantyre