Kalata kwa a Meya a mzinda wa Blantyre: za anthu osiyidwa pa siteji

Olemekezeka a Meya,

Ndikulemba pa nkhani ya matakisi, masienta ndi maminibasi a mumzinda muno. Nkhani ya khonsolo ndi madalaivala ikamveka, nthawi zambiri imakhala ya malo: waima polakwika, watsekereza msewu ku Limbe, wakweza anthu pamalo osaloledwa. Zimenezo nzofunika ndithu. Koma ya munthu amene galimoto yamukana mipando ilipo sindinaimvepo ikukambidwa.

Okanidwawo ndi omwewomwewo tsiku ndi tsiku. Mayi wa geni amene wachoka kokaoda ndi dengu la tomato. Gogo woyenda ndi ndodo, yemwe kukwera kwake kumatenga nthawi. Munthu wosaona amene alibe womutsogolera. Wopita pafupi, chifukwa mpando wake ungathe kugulidwa ndi wopita kutali. Ndiye pali wa njinga ya anthu aulumali, amene amaona zonsezi kuposa wina aliyense.

Mchemwali wanga amayendera njinga yotere. Taimapo naye pa Ginnery Corner masana dzuwa likuswa mtengo, tikuchokera ku sikelo yake. Sienta imabwera ikuimba hutala, dalaivala atatulutsa dzanja kuitana anthu. Ikafika pafupi, maso ake amagwera pa mateyala a njinga, dzanja lija limabwerera m'kati, galimoto n'kukaima patsogolo pang'ono pomwe paima anthu ena. Amene waima amati, "Mayi, njingayo ilipira mipando iwiri, apo ayi pangani hayala." Njingayo imapindika, ndipo imakwana kumbuyo komwe amaikako matumba a makala osadandaula. Mchemwali wanga anasiya kuyankha. Amangoyang'ana kumbali ngati sakudikira galimoto.

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo ulumali watchulidwamo mwachindunji. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo loteteza anthu aulumali. Koma munthu wakanidwa pa siteji 5 koloko madzulo akadandaule kuti? Kupolisi akamufunsa nambala ya galimoto yomwe inadutsa ngati mphepo. Ambiri mwa masientawa alibe n'komwe nambala yofiira ya galimoto zonyamula anthu, ndiye pa pepala si matakisi.

Madalaivalawo ndimacheza nawo, ndipo zifukwa zawo sizopanda mutu. Galimoto si yawo. Madzulo bwana akufuna ndalama yake yathunthu, kaya kunali anthu kaya kunalibe. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, teyala, oyilo ndi sipeya aliyense zinakwera mtengo, ndipo mafuta akasowa dalaivala amagona pa mzere usiku wonse asanapeze ndi tambala yomwe. Munthu wotere amawerenga mphindi iliyonse. Akamati ku Chilobwe kapena kumtunda kwa Ndirande safikako nthawi ya dzinja, sakunama: pali misewu yomwe imathyola galimoto. Pamenepo mlandu wina ndi wa khonsolo yanu, a Meya, chifukwa misewu ya m'makwalalamo ili m'manja mwanu. Komabe amene wasankha ntchito yonyamula anthu sangamasankhe kuti munthu ndi uti.

Vutoli si lathu lokha. Ku New York lamulo limati takisi yachikasu ikaima, iyenera kukufikitsa kulikonse mumzindawo. Ngakhale zili choncho, anthu akuda ankadutsidwa kwa zaka zambiri. Mu November 1999 katswiri wa mafilimu Danny Glover, yemwe ndi munthu wakuda, anakadandaula za zimenezi ku bungwe loyang'anira matakisi, ndipo meya Rudolph Giuliani analimbikitsa ntchito yotchedwa Operation Refusal: apolisi ovala zovala wamba ankaima m'misewu ngati okwera, n'kumagwira okana anthu. Koma anachita mopupuluma. Ankalanda ziphaso dalaivala asanamvedwe mbali yake, nkhani inakafika kukhoti, ndipo mzindawo unadzalipira madalaivala ambiri chipukuta misozi. Mu 2013 mzindawo unabweretsa matakisi obiriwira oti azitumikira madera omwe achikasu sankakonda kupitako. Chilango chokha sichinathetse vutolo.

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo ake. Pempho langa ndi lakuti mugwiritse ntchito mphamvuyo apa. Galimoto iliyonse yoimika pa siteji yovomerezeka ndi khonsolo ikhale ndi nambala yaikulu yolembedwa pa chitseko, yoti ngakhale wokhala pa njinga aiwerenge ikudutsa. Lilembedwe poyera lamulo lakuti njinga ya waulumali, ndodo kapena chilichonse chomuthandiza kuyenda salipiritsa. Mtengo wa katundu wa geni ugwirizanidwe ndi kudziwika, m'malo moti kondakitala aziutchula poyang'ana nkhope. Pakhale nambala ya foni yolandirira madandaulo, ngakhale ya WhatsApp, komanso munthu woiyankha.

Chilango chisayambire pa kulanda galimoto. Pa siteji iliyonse pali tcheyamani yemwe madalaivala amamuopa kuposa wapolisi, chifukwa ndiye amasunga mzere. Dalaivala akadandauliridwa, aitanidwe, anene mbali yake pamaso pa tcheyamaniyo ndi munthu wa khonsolo. Akapezeka wolakwa ataye malo ake pa mzere tsiku limenelo, akabwereza, sabata. Izi zimapweteka m'thumba, komanso sizitsegula mpata wa ziphuphu ngati mmene chindapusa cha pamsewu chimachitira. Polemba malamulowo muitane a bungwe la eni maminibasi la Minibus Owners Association of Malawi, a mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali wa FEDOMA ndi a nthambi yoona za pamsewu, eni magalimoto asadzanene kuti sanafunsidwe.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 800,000 mumzinda muno, ndipo ambiri a ife tilibe galimoto. Musanakhale pansi ndi makhansala pa nkhaniyi, tumani wogwira ntchito wanu mmodzi akaime pa Mibawa kapena pa Wenela ndi munthu wa pa njinga kwa ola limodzi madzulo, alembe galimoto zomwe ziime ndi zomwe zidutse, ndipo zomwe apezezo zikawerengedwe pa msonkhano wa khonsolo.

Ine wanu,
Nzika ya ku Chilobwe