Za kaputeni uja woopa nyanja

Achimwene,

Zithunzi munatumiza pa WhatsApp zija zafika, za sitima zili ndanda kunja kwa doko la Durban kudikira malo. Akuno aziona, akuti mwanenepa. Ine chandiseketsa n'choti mumatha ola lathunthu mukuziyang'ana, inu amene munkakana kukwera bwato pa Shire mpaka anthu achite kukugwirani dzanja. Mwandikumbutsa munthu wina amene ndakhala ndikuwerenga za iye masiku ano magetsi akazima, ndiye mundipirire, kalatayi italikirapo.

Dzina lake Alfred Thayer Mahan, wa ku America. Anabadwa mu 1840 ku West Point, kumene bambo ake ankaphunzitsa asilikali apamtunda. Mwana anasankha zam'madzi, analowa sukulu ya asilikali apanyanja ku Annapolis, n'kumaliza mu 1859 ali wachiwiri m'kalasi. Nkhondo yapachiweniweni ya dziko lawo itabuka mu 1861, anamenya nawo ali mbali ya kumpoto. Mpaka apa palibe chachilendo.

Chachilendo n'chakuti munthuyu nyanja sankaikonda, ndipo nayonso sinkamukonda. Sitima zimene ankayendetsa zinagundapo zinzake kangapo, ina mpaka yongoima payokha itaponya nangula. Sitima zatsopano zoyendera malasha ankadana nazo chifukwa cha utsi ndi phokoso, mtima wake unali pa zakale za matanga. Tangoganizani dalaivala wa basi amene amanjenjemera akaona msewu, koma pa ntchito yomweyo n'kukhalapo zaka pafupifupi 40.

Mwayi wake unamupeza ku Peru. Cha mu 1884 ankayang'anira sitima yokalamba yotchedwa Wachusett m'mbali mwa South America, pamene Stephen Luce, yemwe anali atangoyambitsa sukulu yaukachenjede ya nkhondo zapamadzi ku Newport, anamuitana kuti adzaphunzitse mbiri. Pokonzekera, Mahan analowa m'nyumba ina yowerengeramo mabuku ku Lima n'kutsegula mbiri ya Aroma. Anafika pa nkhani ya Hannibal, mkulu wa nkhondo wa ku Carthage, amene anayenda pansi kuchokera ku Spain kupita ku Italy kukamenyana ndi Aroma, n'kukwera mapiri a Alps ndi njovu zake, anthu ake ambiri n'kuthera m'njira. Mahan anadzifunsa kuti, bwanji osangodutsa panyanja? Yankho lake linali loti nyanjayo inali m'manja mwa Aroma. Tonsefe nkhani ya njovu ija tinaimvapo, koma maso athu anali pa njovuzo. Iye anayang'ana madzi amene Hannibal sanawoloke.

Maphunziro amene anakonza aja ndiwo anasanduka buku la mu 1890, The Influence of Sea Power upon History, lofotokoza zaka za 1660 mpaka 1783. Mfundo yake ndi yosavuta. Nyanja ndi msewu waukulu wa malonda, ndipo amene wagwira msewuwo amalemera, mdani wake n'kumufinya pang'onopang'ono. Britain inaposa France osati chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, koma chifukwa inkatha kutseka madoko a anzake, ake ali otsegula. Choncho dziko lofuna kutchuka likhale ndi sitima zamalonda, malo othirirapo malasha m'njira, komanso sitima zikuluzikulu zankhondo zoyenda pamodzi, osazimwaza, kuti tsiku lina zikaphwanye za mdani kamodzi n'kamodzi.

Akuluakulu ake sanasangalale naye kwenikweni. Mmodzi wa iwo ananena kuti kulemba mabuku si ntchito ya msilikali wapamadzi, ndipo mu 1893 anamubwezera kunyanja kuti akayendetse sitima ya Chicago. Chilango chija chinasanduka phwando. Atafika ku Britain anamulandira ngati mfumu, anadya ndi Mfumukazi Victoria, ndipo mu 1894 mayunivesite a Oxford ndi Cambridge anamupatsa madigiri aulemu. A ku Britain akanalekeranji kumukonda, poti mlendo anabwera kudzawauza kuti nzeru zawo zinali zolondola kuyambira kale? Anapuma ntchito mu 1896 ali kaputeni. Udindo wa admiral, wa akuluakulu a asilikali apamadzi, anadzamupatsa mu 1906, ali kale kunyumba.

Pamene pandivuta ine ndi apa, achimwene. Buku silisankha woliwerenga. Theodore Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti wa America, analiyamikira, America n'kumanga sitima, n'kutenga Hawaii mu 1898, kenako n'kukumba ngalande ya Panama. Koma Kaiser Wilhelm wachiwiri wa ku Germany analikondanso, mpaka analamula kuti lipezeke m'sitima zake zankhondo, ndipo Tirpitz, mkulu wake woyang'anira asilikali apamadzi, anayamba kumanga zombo zopikisana ndi za Britain. A ku Japan analimasulira n'kumaphunzitsa asilikali awo. Aliyense anamva uphungu umodzimodzi, woti ukhale ndi sitima zazikulu kuposa za mnzako, ndipo uphungu wotere ukauza anthu asanu nthawi imodzi, wawayambanitsa. Sindikuti nkhondo ya 1914 anaiyambitsa ndi Mahan, koma nkhuni zina pamoto uja zinali zake. Munthunso sanali wofewa mtima. Pa msonkhano wa mtendere wa ku Hague mu 1899, iye anakana zoletsa mabomba a utsi wakupha.

Ndipo penapake analakwitsa. Ankati kusaka sitima zamalonda za mdani sikungathetse nkhondo, chofunika ndi chinkhondo chimodzi chachikulu. Chinkhondocho chinachitikadi ku Jutland mu 1916, pakati pa Britain ndi Germany, koma sichinathetse kanthu. Zimene zinatsala pang'ono kugwetsa Britain ndi njala mu 1917 ndi sitima zoyenda pansi pa madzi, zomiza zonyamula chakudya. A ku Japan nawo pa nkhondo yachiwiri anakakamira kudikira tsiku lalikulu lija, sitima zawo zamafuta zikumizidwa imodziimodzi. Owerenga ake anagwira mutu wa mizinga, n'kuiwala kuti iye anayambira pa malonda.

Zonsezi sanazione. Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, Pulezidenti Wilson wa ku America analetsa asilikali onse, ndi opuma omwe, kulankhulapo poyera. Munthu amene moyo wake wonse unali kulemba za nkhondo yotereyi anamutseka pakamwa itangofika. Anamwalira ku Washington pa 1 Disembala chaka chomwecho.

Mwezi wa Ogasiti womwewo, mfundo yake inaoneka panyanja yathu ino. Sitima ya Angelezi ya Gwendolen inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kupeza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann itakokeredwa pamtunda kuti ikonzedwe. Anaiwombera, n'kuichotsa zida. Kaputeni wa Ajeremani anali asanamve n'komwe kuti kwabuka nkhondo. Kuyambira tsikulo Angelezi ankanyamula asilikali ndi katundu pamadzi kupita ku Karonga mosaopa kanthu, anzawo akuyenda pansi ngati Hannibal.

Ndiye mukapitanso kudoko, mundijambulire sitima ya mafuta, yoyandikira ndithu, ndione kukula kwake. Nsapato za sukulu munalonjeza mwana zija musaiwale, phazi lakula, mugule zokulirapo. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakale uja,
wa kuno kumudzi