Alendo a mishoni azitifunsa kaye asanagule penti

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule za alendo a mpingo amene amachokera kunja, makamaka ku America, kudzayendera masukulu ndi malo osungirako ana amasiye kuno ku Mchinji. Ineyo ndine mayi wa Chigwirizano ndithu, nde wina asati ndikulimbana ndi ntchito ya Mulungu ayi. Ndili mu komiti ya sukulu ina ya pulaimale chakuno ku Kamwendo, dzina sinditchula, ndipo zomwe ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa.

Anzathuwa amabwera June kapena July chifukwa kwawoko masukulu amakhala atatseka, koma kuno imeneyo ndi teremu yachitatu, ana akukonzekera mayeso oti akwere kalasi. Ulendo wathawu ahedi atangolengeza kuti kukubwera azungu, masabata awiri athunthu ikangokwana buleki basi maphunziro atha, ana kukaphunzira nyimbo zolandirira alendo, ena kusesa, ena kupaka njereza miyala ya mmbali mwa msewu. Tsikulo ana anandandalika kuyambira 8 koloko mmawa ndi chisanu chija cha June, ena opanda juzi, kosita inafika cha mma 11, anthu khumi ndi anayi onse atavala matisheti ofanana. Kunali kuimba, kuvina, maswiti, mabaluni, eee kunali bwino ndithu sindinama, ana anasangalala.

Koma tamverani zomwe anadzachita. Buloko ya sitandade 3 mphepo inasasula malata mbali imodzi, ana amaphunzira akuona mitambo. Zimbudzi za atsikana zinadzadza kalekale moti ena akulupo akakhala kumwezi sabwera nkomwe ku sukulu. Ife a komiti zimenezi timaziimba tsiku ndi tsiku. Alendo athu anabwera ndi zigubu za penti nkupenta khoma la buloko yomweyo yopanda dengayo, anajambulapo chombo cha Nowa ndi ma ABC, kukongola kwake, ndipo bambo wina wa mmudzi mwathu amene ntchito yake ndi yopenta, amene akusowa ngakhale ganyu, anangoima poteropo manja kumbuyo kuonerera ana a sukulu a ku America akulimbana ndi bulashi. Mvula itabwera December madzi anatsetsereka pakhomapo, pano Nowa watsala mutu okha. Palibe anatifunsa. Anafunsana okhaokha ndi abusa ena a mtauni pa WhatsApp, ife tinangouzidwa tsiku lofika.

Si anthu oipa ayi. Kamtsikana kena kanatuluka matuza mmanja ndi ntchito, pochoka kanalira misozi yeniyeni. Koma tikiti ya munthu mmodzi kuchoka ku America kudzatera pa bwalo la ndege la KIA ku Lilongwe nkubwerera imaposa madola chikwi, muwerenge nokha anthu khumi ndi anayi, muonjezepo kosita, loji, ndi ulendo wokaona nyama ku South Luangwa kudzera pa Mwami. Denga lija likanatha ndi tikiti ya anthu awiri mwina.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha ana amasiye. Kwathu kuno mwana amatchedwa wamasiye ngakhale kholo limodzi lili moyo, ndipo amakhala ndi agogo, atsibweni, azakhali, mtundu onse. Dziko lonse linamva za mwana amene Madonna anamutenga ku Home of Hope konkuno ku Mchinji mu 2006, bambo ake anali moyo, anakamusiya kumeneko chifukwa mayi anamwalira ndipo iwo analibe pogwira. Ambiri zili choncho, ndi umphawi osati kusowa abale. Gogo wina oyandikana nane anasiyiridwa zidzukulu zitatu, kakang'onoko anakakasiya ku malo ena osungira ana (osati amene ndatchulawo) chifukwa kumeneko kuli phala, bulangeti ndi yunifolomu. Alendo akafika kamwanako kamathamangira aliyense, kumukakamira pakhosi, iwo nkumati onani chikondi chake mwanayu. Mayi amene amawasamalira anandiuza kuti kosita ikangonyamuka mwanayo amalira masiku awiri osadya, patapita mwezi kwabweranso ena, kukakamiranso, kusiyidwanso. Pa holide atabwera kumudzi agogo ake eni ake amawaona ngati mlendo, koma kukadutsa galimoto ya mzungu ali liwiro kulondola fumbi. Gogoyo anangoti "akanandipatsa ine thumba la feteleza ndi sopo, mwanayu ndikanalera ndekha." Ndinasowa chowayankha.

Nde pali nkhani ya zithunzi. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni yake, nkhope ya mwana wa mmudzi mwathu ili pa Facebook, pansi pake alembapo mchizungu za matenda amene anapha mayi ake. Anapempha ndani? Ine nditakwera ndege kukafika ku Texas nkulowa pa sukulu ya mkaka kuyamba kunyamula ana a eni ake nkumadzijambula nawo, ndingagone kunja kwa selo? Ku Australia mu 2018 anafika pokhazikitsa lamulo lomwe limawerengera mchitidwe wosonkhanitsa ana mmalo amasiye pofuna kukopa alendo ndi ndalama ngati ukapolo wamakono. Ifenso lamulo loteteza ana tili nalo, la 2010, ndipo a Social Welfare ofesi yawo ili pa boma pomwepa, koma sindinaonepo mlendo akufunsidwa kapepala kalikonse asanakhale ndi ana.

Amishoni akale anali ndi zolakwa zawo, agogo athu a gule amazidziwa bwino, koma chimodzi tiwayamike, ankabwera kudzakhala. A Dutch anafika pa Mvera 1889, Azibambo Oyera anafika pa Kachebere kuno kwathu 1903, anaphunzira chinenero chathu mpaka kumasulira Baibulo lomwe tikuwerengabe mtchalitchi lero, ena manda awo ali konkuno. Zipatala ngati za Kapiri ndi Guilleme anthu akuchirirabe. Awa a lerowa sabata imodzi, "muli bwanji" ndi "zikomo" basi, nkumadzatilalikira kudzera mwa otanthauzira za Yesu amene mayi anga anamuimbira kwaya mpaka mano kutha mkamwa.

Sindikuti asiye kubwera, mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma abwere ochepa, abwere August ana atatsekera kapena azifika Loweruka, ndipo asanagule kanthu akhale kaye pansi ndi komiti, a mother group, amfumu ndi a PEA (mlangizi wa masukulu a pulaimale mdera lathu) amve chomwe chavuta. Ngati mtima uli pa ana amasiye athandize agogo amene akulera anawo mmakomo, ndi timasukulu ta mkombaphala ta mmidzi tomwe amayi akuphikira ana mongodzipereka popanda malipiro. Nanunso abusa athu amene mumaitana alendowa, muziwauza chilungamo, musamaope kuti mukanena kuti penti sitikumufuna ndiye kuti sabweranso.

Ahedi atiuza kuti timu ina ikubwera June akubwerayu. Ife a komiti talemba kalata, tapempha malata, misomali, simenti ya zimbudzi, komanso kuti ntchitoyo agwire amisiri a konkuno. Yankho silinabwere mpaka pano, koma ana a sitandade 1 ayamba kale kufunsa ngati kudzakhale mabaluni.

Mayi wa mu komiti,
Kamwendo, Mchinji