Yesu sadangokomoka pamtanda

Mkonzi,

Pasaka akamayandikira, mtsutso wakale umabukanso m'maminibasi ndi pa WhatsApp. Ena akuti Yesu sadafe, adangokomoka, ndipo kuzizira kwa m'manda kudamutsitsimutsa. Ena akuti ophunzira ake adaba mtembo. Chondiwawa n'chakuti Akhristu ambiri akafunsidwa amangoti "ine ndimangokhulupirira basi", chonsecho mayankho alipo.

Nkhani ya kukomokayi idafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kudzera mwa Heinrich Paulus wa ku Germany. Koma taganizani zomwe thupi la wopachikidwa linkakumana nazo. Aroma ankayamba ndi kumukwapula ndi chikoti cha zingwe zachikopa zomangirira tizitsulo ndi timafupa, mpaka msana kung'ambika, magazi ambiri n'kutayika. Kenako misomali. Mu 1968, ku Giv'at ha-Mivtar mu Yerusalemu, akatswiri adapeza fupa la chidendene cha munthu wina wopachikidwa, Yehohanan, msomali wa masentimita pafupifupi 11 udakali momwemo. Munthu akalendewera manja atatambasuka amavutika kupuma, ndipo amadzikankha ndi miyendo kuti apeze mpweya. N'chifukwa chake asilikali akafuna kuti afe msanga ankamuthyola miyendo. Ya Yesu sadaithyole poti adamupeza atafa kale, komabe mmodzi adamubaya ndi mkondo m'nthiti, ndipo mudatuluka magazi ndi madzi (Yohane 19:33-34). Pilato naye sadapereke mtembo asanafunse kenturiyo, mkulu wa asilikali, ngati Yesu wafadi (Marko 15:44-45).

Kodi alipo adapulumukapo pamtanda? Inde. Josephus, Myuda wolemba mbiri, adasimba kuti adapempha Titus, mtsogoleri wa asilikali a Aroma, kuti anthu atatu owadziwa atsitsidwe adakali moyo. Adasamalidwa ndi dokotala, koma awiri adamwalirabe. Yesu analibe womusamalira. Adamukulunga mu nsalu pamodzi ndi mure ndi aloe wolemera makilogalamu oposa 30 yemwe Nikodemo adabwera naye, n'kumutsekera ndi chimwala. Tinene kuti adatsitsimuka. Akadagubuduza bwanji chimwalacho ali m'kati, n'kuyenda makilomita pafupifupi 11 kukafika ku Emau ndi mapazi oboola? David Strauss, katswiri wa maphunziro a zaumulungu wa ku Germany, yemwe sankakhulupirira n'komwe za kuuka kwa Yesu, ndiye adagwetsa maganizowa. Adati munthu wokwawa, wofunika kumumanga mabala, sakadachititsa ophunzira ake kumuona ngati wogonjetsa imfa.

Za kuba mtembo n'zakale kuposa zonse, zili kale pa Mateyu 28:13. Alonda a pamanda adauzidwa kuti azinena kuti mtembo udabedwa iwo ali m'tulo. Nanga wogona amamudziwa bwanji wakuba? Onaninso kuti wonena zimenezi wavomereza kale kuti m'manda munalibe kanthu. Ndipo anthu opeka bodza sakadayika amayi ngati Mariya wa ku Magadala patsogolo monga mboni zoyamba, poti nthawi imeneyo umboni wa mkazi unkapeputsidwa pamilandu. Zoti amayiwo adasochera n'kupita kumanda ena, monga adanenera katswiri wa Baibulo Kirsopp Lake mu 1907, sizilimba: manda anali a Yosefe wa ku Arimateya, munthu wodziwika wa m'bwalo la akulu, ndipo akadangolozera pomwe panali mtembo.

Mfundo yofunika kuiyankha mwaulemu ndi yoti ophunzira adangoona masomphenya, pakuti n'zoona kuti wofedwa nthawi zina amaona kapena kumva malemu. Koma izi zimamuchitikira munthu payekha, ndipo sizichotsa mtembo m'manda. Pa 1 Akorinto 15:3-8, kalata yolembedwa cha m'ma 55, Paulo akubwereza mawu omwe iyenso adachita kulandira, n'kutchula omwe adamuona Yesu atauka: Kefa (Petro), ophunzira khumi ndi awiriwo, abale oposa 500 nthawi imodzi, ndi Yakobo. Akuti ambiri mwa 500 aja anali akadali moyo, ofunsika. Paulo mwiniwake sanali pachisoni, ankazunza mpingo. Abale ake a Yesu sankamukhulupirira (Yohane 7:5), koma Yakobo, mmodzi wa iwo, adadzatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu mpaka adaphedwa m'chaka cha 62, ndipo za imfa yakeyo adalemba ndi Josephus yemweyo.

Ndikupempha abusa, ansembe ndi makatekisiti kuti Lachisanu Loyera lisanafike, akhale pansi ndi achinyamata m'makalasi, m'milaga ndi m'miphakati, awerenge limodzi Marko 15 ndi 16, Yohane 19 ndi 20, komanso 1 Akorinto 15, ndipo awalole kufunsa mafunso onse ovutawo.

Wowerenga wanu,
Zomba