Mnzanga, maiki yodula ija usandigulire kaye

Ulongwe, Angónia

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg pamodzi ndi mlamu ndi kamwana. Kuno tilipo. Chisanu cha June chafika ndi mphamvu, m'mawa nkhungu imabisa phiri la Dómuè lonse. Amayi ako ndinakumana nawo Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali bwino, koma akuti wakhalitsa osawaimbira.

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera katatu. Zoti ukufuna kundigulira maiki ya condenser yodula ija yoti ndizijambulira nyimbo za achinyamata kunyumba kwanga zandikhudza mtima, chifukwa ndikudziwa thukuta limene umakhetsa kuti upeze ndalama kumeneko. Komabe usalipire kaye, yamba wamva zimene ndinaona.

Mwezi watha ndinabwereka condenser ndi kabokosi kake kwa mnyamata wina wa mumzinda wa Tete amene amajambula makwaya. Nditangovala mahedifoni ndinamva tambala wa kuseri kwa mpanda, chigayo cha kumsika, njinga zamoto zothamangira ku Calómuè, ngakhale fani ya laputopu yanga. Tinajambula vesi imodzi, pomvetsera zinali ngati woimbayo akuimbira mumgolo. Maikiyo ndi yabwino ndithu, koma inanena zoona za chipinda chathu: makoma a simenti, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Mawu akatuluka pakamwa amagunda khoma n'kubwerera. Condenser ili ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamagwedezeka ndi kampweya kalikonse, imagwira ntchito ndi magetsi a 48V ochokera mu interface, kabokosi kaja kolumikiza maiki ndi laputopu, ndipo woimba amaima patali pang'ono. Mpata umenewo ndi umene phokoso limalowerapo. Tangoganiza mvula ikayamba mu November, malata akuchita kulindima mpaka March.

Chimene ndikupempha ndi Shure SM58. Usaipeputse poti ndi ija timaiona pamisonkhano ndi m'matchalitchi. Yakhala ikupangidwa kuyambira 1966, ndi ya dynamic, mkati mwake muli kawaya kokulunga ndi maginito, siifuna 48V. Woimba rap amaiyandikira, kamwa kutalikirana nayo zala ziwiri kapena zitatu basi, ndiye mawu ake amaposa kutali phokoso la chipinda. Imamva za kutsogolo n'kukana za kumbuyo kwake, choncho ndikaipatsa nkhongo zenera, chigayo chimachepa. Ukaiyandikira chonchi mawu amanenepanso, amakhala ndi besi ija anyamata amaifunafuna m'ma plugin, timapulogalamu tokometsera mawu pa kompyuta, osaipeza. Ndipo ikagwa pansi imatoledwa ntchito n'kupitirira, zimene ndi zofunika m'chipinda cholowa achinyamata asanu nthawi imodzi. Maiki ina ya Shure, SM7B, ndimailakalaka, koma imafuna gain (mphamvu yokwezera mawu a maiki) yochuluka, pafupifupi 60 dB, ndipo mtengo wake umagula ma SM58 angapo. Tidzaiona mtsogolo.

Ndalama yotsalayo ipite ku interface. Focusrite Scarlett Solo ikwanira, poti timajambula munthu mmodzi pa nthawi. Kamaiki ka USB kamene ndili nako kamachedwetsa mawu m'mahedifoni, woimba amadzimva m'mbuyo mwa biti n'kusokonezeka. Pa Scarlett pali batani la direct monitor, munthu amadzimva pompopompo. Chinanso, imadya moto wa USB, ndiye magetsi akathima timapitiriza ndi batire ya laputopu. Ndaonanso kuti ndikazula chaja ya laputopu, kaphokoso kong'ung'udza kamene kamamveka pojambula kamatha. Uwonjezepo zingwe ziwiri za maiki za XLR ndi mahedifoni otseka makutu onse, chifukwa amene ndili nawowa amatulutsa biti kunja n'kulowanso m'maiki, ndipo ikalowa siichotsekanso mu FL Studio, pulogalamu imene ndimajambulira nyimbo. Pop filter, kansalu kotchinga mpweya wa pakamwa kutsogolo kwa maiki, usavutike nayo, ndinapanga ya sitonkeni ndi waya wa mpanda, ikugwira ntchito.

Ugule m'sitolo yeniyeni ya zoimbira ndipo utenge lisiti. Ma SM58 achinyengo ndi ambiri. Ine ndinapsapo kale kwa wogulitsa wina wam'mbali mwa msewu: kunja imaoneka bwinobwino, koma yopepuka m'manja, mawu ake ngati a chitini. Lisitilo lithandizanso pa chipata cha Cuchamano, polowa mu Mozambique kuchokera ku Zimbabwe.

Ine kuno sindikungokhala. Mathireyi a mazira amene tinamata limodzi m'makoma aja ndachotsa onse. Ankangokopa mphemvu, mawu sankawamwa. M'malo mwake ndaimika matiresi akale pakona, ndakoloweka mabulangete awiri okhuthala kumbuyo kwa woimba, osawagundika kukhoma, ndipo pansi ndayala kapeti. Ndikaomba m'manja tsopano sindikumvanso kulira kuja. Ndaphunziranso kusakweza gain mpaka nyali yofiira. Ndimajambula pa 24-bit, mawu akakwera kwambiri azifika chapakati pa -12 ndi -6 dB pa mita ya mawu, kukweza kwake tidzakweza posakaniza.

Mwina udabwa kuti ndalimbikira chiyani pa zinthu zazing'ono chonchi. Chimwalirireni Azagaia, woimba rap wotchuka wa kuno ku Mozambique, mu March 2023, achinyamata obwera pakhomo panga ndi makope awo achuluka, ndipo zimene akulemba zasintha. Pali mtsikana wina wa ku Lifidzi amene amaponya mizere m'Chichewa n'kusakaniza Chipwitikizi, za bambo ake osenza matumba a mbatata ya kachewere kupita nawo kumalire, za mlongo wake amene anapita kukafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize n'kubwerako chimanjamanja. Tsiku loyamba kumumva ndinasowa chonena. Tinajambula, koma theka la mawu ake linamira m'phokoso, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa pomvetsera. Zinandipweteka usiku wonse. Mwana ameneyu ndikufuna amveke liwu ndi liwu, kuchokera kuno mpaka ku Dedza ndi ku Lilongwe kumene amamva chilankhulo chathu.

Katunduyo ukulunge m'zovala, umupatse dalaivala wa thiraki uja amadzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda. Akawoloka Zambezi andiimbire, ndikamudikira pamphambano ya Mussacama. Ine ndasunga meticais 6,000, undiuze njira yokutumizira kuti tithandizane.

Upereke moni kwa mlamu. Mtsikana uja ndamuuza kuti asunge vesi yake yatsopano mpaka maiki ifike, ndiye usachedwe.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Ulongwe