Ogula chomatira mano asaiwale zida zake

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya kumata mano, ntchito imene ndaigwira kwa zaka zambiri. Masiku ano odwala ambiri amapempha chomatira choyera cha composite chifukwa chimafanana ndi dzino lenileni, ndipo zipatala nazonso zikuchikonda poti mayiko akusiya pang'onopang'ono chomatira chakale cha amalgam, chimene pafupifupi theka lake ndi mercury, chitsulo chapoizoni, potsatira pangano la mayiko lochepetsa mercury la Minamata la mu 2013. Nkhawa yanga ndi yakuti ogula katundu wa zipatala amagula chomatiracho n'kuiwala zida zimene zimachititsa kuti chigwire.

Ubwino weniweni wa composite suli pa kuyera kwake ayi. Amalgam siimamatirira ku dzino, choncho dokotala ankayenera kukulitsa bowo ndi kusema ngakhale mbali yabwinobwino kuti chomatira chipeze pogwira, monga ankaphunzitsira dokotala wa mano G.V. Black wa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zinthu zinayamba kusintha mu 1955 pamene wofufuza za mano Michael Buonocore anaonetsa kuti asidi akapakidwa pa chikuto cholimba cha dzino, chomatira chimagwira pamwamba pomwepo. Chifukwa cha zimenezi, lero timachotsa malo owola okhaokha, pogwiritsa ntchito kachitsulo kakang'ono kobulungira pa makina oboolera ndi kasipuni kokolopolera ka pamanja, ndipo bowo likakhala lakuya timasiya dala kagawo kofewerapo kamene kaphimba mtsempha, m'malo mouboola n'kupha dzino.

Koma composite ndi yovuta kuisangalatsa. Imadana ndi malovu, moti malo omatapo akanyowa pang'ono chabe, ntchito yonse yalowa m'madzi. N'chifukwa chake kansalu ka labala kotchingira dzino ndi makina oyamwa malovu si zida zodzionetsera. Pambuyo pa asidi wa phosphoric wa 37 peresenti, amene amakhalapo masekondi 15 mpaka 30, dzino limatsukidwa n'kupakidwa guluu wake, kenako composite ya masiku onse imaikidwa pang'onopang'ono, mulingo wosapitirira mamilimita 2 nthawi imodzi, ndipo mulingo uliwonse umaumitsidwa ndi nyali ya buluu kwa masekondi pafupifupi 20. Wothamangira mzere wa odwala akaunjika zonse kamodzi, pamwamba pamauma koma pansi pamakhala paphalaphala, komanso chomatiracho chimanyala n'kusiya mpata m'mphepete momwe tizilombo timalowera.

Mayi wina anabwera kwa ine atakulunga pa mpango kachidutswa kamene kanagwa m'dzino lake la chibwano, patangopita milungu yochepa chimatidwireni kwina. Nditakatembenuza ndinapeza kuti kunsi kwake kunkakandika ndi chikhadabo. Mwina nyali inali itafooka, kapena kumaso kwake kunali kutamatirira zotsalira zakale, zomwe ndaziona kangapo. Chimene chimandipweteka n'chakuti mayiyo anali atatsimikiza kale mumtima kuti kumata ndi kutaya ndalama, ndipo anandiumiriza kuti ndingolizula. Enanso amadandaula kuti ulusi wa mango ndi nyama zikumakodwa pakati pa mano omatidwa, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala kusowa kwa kachitsulo kopyapyala kokhota ndi kamphero kamene kamathandiza kuti dzino lomatidwalo likhudzane bwino ndi linzake.

Kumene magetsi ndi osadalirika ndipo choyamwa malovu palibe, ine sindiona chifukwa chokakamirira composite. Njira yomata mano popanda makina yotchedwa ART, imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, imangofuna zida za pamanja ndi chomatira cha glass ionomer, chimene chimauma chokha, chimapirirako chinyezi ndiponso chimatulutsa fluoride woteteza mano kuti asaole. Sichilimba ngati composite pa bowo lalikulu, koma pa bowo laling'ono chimagwira bwino, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linachiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021.

Popeza dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano mu 2019 pa sukulu imene tsopano ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), achinyamatawa adzafika m'zipatala akuzidziwa njira zimenezi. Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi eni zipatala kuti pa oda iliyonse ya composite pazikhalanso labala wotchingira, timphero, tizitsulo ting'onoting'ono toboolera ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya nyali, ndipo asanasaine azifunsa kaye amene amagwira dzinolo.

Ine wanu,
Wogwira ntchito ya mano, Zomba