Lipoti la Msonkhano wa ku Varanasi: Mayi Ganga ndi Mtsinje Umene Ukudwala

A Wapampando, akomiti, azibusa, mashehe, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu losamalira mitsinje,

Munandituma ku India kukaimira gulu lathu pa msonkhano wa azipembedzo zosiyanasiyana wokamba za madzi, umene unachitikira mumzinda wa Varanasi. Ndikuthokoza pondikhulupirira komanso posonkha ndalama za ulendowu. Zokambirana za zitsime, chilala ndi malamulo ndazilemba padera ndipo zili kwa alembi. Lipoti lino ndi la nkhani imene inadya nthawi yambiri ya msonkhano: Ganga, mulungu wamkazi amene Ahindu amati ndiye amayeretsa munthu, komanso mtsinje umene ndi thupi lake.

Kwa Mhindu, Ganga sakhala m'mtsinje ngati mzimu wobisala m'dziwe. Mtsinjewo ndiye iyeyo. Umayambira pa madzi oundana a Gangotri m'mapiri a Himalaya, pamalo otchedwa Gaumukh, ndipo poyamba umatchedwa Bhagirathi. Ukakumana ndi mtsinje wa Alaknanda pa Devprayag ndi pamene umatenga dzina la Ganga, n'kuyenda makilomita pafupifupi 2,500 mpaka kunyanja ya Bay of Bengal. Anthu amautchula Ganga Ma, Mayi Ganga, ndipo amautchula mwaulemu umene ife timapereka kwa mayi wotibala.

Wansembe wina wachihindu anatifotokozera mmene Ganga anatsikira padziko. Mfumu Sagara inali ndi ana aamuna 60,000 amene ananamizira munthu wopemphera, Kapila, kuti waba kavalo wa nsembe. Kapila atakwiya anawatentha onse n'kusanduka phulusa, ndipo mizimu yawo inasowa mpumulo. Patapita mibadwo, mdzukulu wawo Bhagiratha anadzizunza m'mapemphero kwa zaka zambiri kuti mtsinje wakumwamba utsike udzatsuke phulusalo. Mulungu wotchedwa Brahma anavomera, koma mphamvu ya madziwo ikanaswa dziko. Mulungu wina, Shiva, ndiye anawalandira pamutu, nawakola m'tsitsi lake lopotana, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Ganga anatsatira Bhagiratha mpaka kunyanja kumene kunali phulusa, ndipo akufa aja anamasulidwa. Mpaka lero anthu amapita ku Gangasagar, ku West Bengal, kumene kuli kachisi wa Kapila.

Mayi wina wa zankhalango anadzuka n'kunena kuti tsitsi la Shiva ndi nkhalango za m'mapiri, zimene zimagwira mvula kuti isatsike yonse nthawi imodzi. Aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu 2023, matope atagumuka m'phiri la Soche, akumvetsa chifukwa chake mawu amenewa anandigwira mtima.

M'zithunzi ndi m'ziboliboli Ganga ndi mkazi wovala zoyera, wokwera pa makara, chilombo cha m'madzi chofanana ndi ng'ona koma cha mchira wa nsomba. M'manja amanyamula mtsuko wa madzi ndi duwa la lotus. Zoyerazo ndi chiyero chake, mtsukowo ndi chonde ndi moyo umene amapereka, ndipo lotus ndi duwa limene limamera m'matope koma osadetsedwa nawo. Kukwera ng'ona kukusonyeza kuti madzi opatsa moyo ndi omwewo amene amamiza, ndipo iye amalamulira zonse ziwiri. Chimene ndinakonda kwambiri n'choti pa makomo a makachisi ambiri akale, kuyambira nthawi ya mafumu a Gupta zaka zoposa 1,500 zapitazo, amasema Ganga mbali imodzi ndi Yamuna, mulungu wamkazi wa mtsinje wina, wokwera pa kamba wa m'madzi, mbali inayo. Wolowa m'kachisi amadutsa pakati pa mitsinje iwiri, ndipo amayesedwa wosambitsidwa asanafike pamalo opatulika.

Madzulo anatitengera ku Dashashwamedh Ghat, masitepe otsikira kumtsinje, kukaona mwambo wa Ganga Aarti, umene umachitika tsiku lililonse dzuwa likalowa. Ansembe achinyamata amaima pamzere moyang'ana mtsinje, amaliza lipenga la chigoba cha m'nyanja, amafukiza lubani, kenako amazungulitsa nyali zikuluzikulu za mkuwa mabelu akulira. Khamu limakhala pa masitepe ndi m'maboti. Anthu amayandamitsa tinyali m'timbale ta masamba todzaza maluwa. M'mawa kukacha ndi nthawi yosamba: munthu amamira m'madzi, amatunga m'manja n'kuthira moyang'ana dzuwa, ena akukumbukira makolo awo amene anamwalira. Madzi otungidwa, otchedwa Gangajal, amasungidwa m'nyumba, ndipo munthu akamatsirizika amamudonthezera pakamwa pamodzi ndi tsamba la tulsi, kachitsamba kopatulika kwa Ahindu. Pa Manikarnika Ghat moto wotenthera maliro suzima usana ndi usiku, chifukwa Ahindu amakhulupirira kuti wofera ku Varanasi amamasuka ku kubadwabadwanso. Pali chikondwerero cha Ganga Dussehra cha m'nyengo ya Meyi kapena Juni chokumbukira kutsika kwake, komanso Kumbh Mela, mwambo waukulu wosamba m'mitsinje yopatulika, umene unachitika ku Prayagraj kuyambira pa 13 Januwale mpaka pa 26 Febuluwale 2025.

Mtsinje wolemekezedwa chonchi ukudwala, ndipo ndi pamenepa pamene msonkhano unatentha. Zonyansa za m'zimbudzi za mizinda zimathiramo, mafakitale ofufuta zikopa ku Kanpur atayiramo mankhwala a chromium kwa zaka zambiri, ndipo madamu ndi ngalande zothirira zimachepetsa madzi. Boma la Rajiv Gandhi linakhazikitsa ndondomeko yoyeretsa mtsinjewu yotchedwa Ganga Action Plan mu 1986, ndipo mu 2014 kunabwera ina yotchedwa Namami Gange. Mu Malichi 2017 khoti lalikulu la chigawo cha Uttarakhand linagamula kuti Ganga ndi Yamuna akhale ndi ufulu ngati anthu pamaso pa lamulo, koma khoti lalikulu la dziko lonse, Supreme Court, linaimitsa chigamulocho mu Julayi chaka chomwecho.

Ena pa msonkhano ankati chikhulupiriro ndicho chimachedwetsa ntchito, poti munthu wokhulupirira kuti Ganga sangadetsedwe saona vuto kutayamo zinyalala. Ine sindikugwirizana nawo kwathunthu. Mipope ya zonyansa ndi mafakitale sizinamangidwe ndi opembedza. Ndipo amene anamenyera nkhondo mtsinjewu kwambiri ndi okhulupirira omwe. Veer Bhadra Mishra anali mkulu wa kachisi wa Sankat Mochan komanso pulofesa wa zamadzi pa Banaras Hindu University. Ankasamba mu Ganga m'mawa, kenako n'kukayeza madzi omwewo, akudziwa bwino tizilombo tili m'menemo. Mu 1982 anayambitsa Sankat Mochan Foundation, bungwe loyeretsa mtsinjewu, ndipo anagwira ntchitoyi mpaka imfa yake mu 2013. Sanauze anthu kuti mulungu wawo ndi wodetsedwa. Anawasonyeza kuti chiyero cha mzimu n'chosiyana ndi ukhondo wa madzi, ndipo kuti mwana sathira zonyansa pa mayi ake. Winanso, G. D. Agrawal, katswiri wa zachilengedwe amene anadzakhala wodzipereka ku chipembedzo, anamwalira mu Okutobala 2018 atasala kudya masiku 111 pofuna kuti mtsinjewu uziyenda momasuka.

Ine sindine Mhindu, ndipo sindinapembedze nawo. Koma ndabwerako nditatsimikiza kuti takhala tikulankhula ndi anthu za mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe ndi manambala okhaokha, pamene m'mitsinje mwathu timabatiziramo, ndipo Asilamu athu amafuna madzi oyera kuti atawase asanaswali.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wotsatira tiitane atsogoleri a mipingo imene imabatiza m'mitsinje, mashehe, mafumu, komanso abale athu achihindu a ku Limbe ndi ku Lilongwe amene sitinawaitanepo. Tiyeze madzi pamalo obatizira ndipo zotsatira zake zikawerengedwe ndi atsogoleriwo pamaso pa anthu awo. Zithunzi ndi malisiti a ulendo ndapereka kwa msungichuma, ndipo ndidzayankha mafunso anu tikakumana.

Ine wanu mu ntchito,
Nthumwi yanu